Mwaika Windows ya 64-bit ndiye pulogalamu yakale ija yakana kutseguka? Tiyeni tione pomwe pavuta

Chiyambire pomwe a Microsoft anasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, nkhani yomwe ikubwera kwambiri kwa ife okonza makompyuta muno mu Zomba ndi imodzimodzi, munthu wagula laputopu ina kapena wapereka yake kwa mnyamata wina kuti amuikire Windows yatsopano, wafika nayo kunyumba zonse zikuwala bwinobwino, koma kungoti atsegule pulogalamu imene amadyerapo ija, yakana. Pulinta yoti yakhala ikugwira ntchito kuyambira nthawi ya Windows 7 yangoti zii. Ndiye anthu amathamangira kunena kuti Windows 11 ndi yachabe, ena amati anawaikira yabodza, ena amafomatanso kachiwiri kumangotaya nthawi ndi bandulo.

Nthawi zambiri palibe chabodza apa. Chomwe chachitika n'choti mwasamuka kuchoka pa Windows ya mtundu wakale wa 32-bit kupita pa ya mtundu watsopano wa 64-bit, mwina osadziwa n'komwe, ndipo pa msamuko umenewu pali zinthu zimawoloka zokha, zina zimafuna kuzikankha pang'ono, zina siziwoloka olo mutatani. Ntchito yonse ndi kudziwa kuti chanucho chili gulu liti musanatulutse ndalama.

Onani kaye kuti muli pati

Pitani ku Settings, System, kenako About, muwerenge pomwe palembedwa System type. Mukaona "64-bit operating system, x64-based processor" ndiye kuti mwasamuka kale. Mukaona "32-bit operating system, x64-based processor" makina anu atha kunyamula 64-bit koma amene anaika Windows anaika ya 32, ndipo makompyuta ambiri akale omwe ali m'masitolo a fotokope ndi m'maofesi ang'onoang'ono ali choncho. Windows ya 32-bit imathera pa 4GB ya RAM, ndipo yomwe mumagwiritsadi ntchito imakhala 3 ndi kakuti. Munthu amagula RAM ya 8GB, kuika, kompyuta ikumuonetsabe 3 ndi kakuti yomweyo, ndiye akubwerera kwa wogulitsa ndi ukali kuti mwandibera pomwe wogulitsayo alibe mlandu.

Kuchoka pa 32 kupita pa 64 kulibe njira ya upgrade yosunga mapulogalamu anu, ndi kufomata basi, kuyambiranso. Ndipo Windows 11, yomwe inatuluka pa 5 Okutobala 2021, ilibe n'komwe ya 32-bit. Ndiye aliyense amene wapita pa 11 ali pa 64 kaya akufuna kaya sakufuna.

Musanafomate, apa ndiye pali misozi

Amayi ena a golosale cha ku Chinamwali anabwera ndi laputopu atafomatitsa kale kwina. Mnyamata amene anawathandiza anachita khama ndithu, anakopera Documents, Desktop, zithunzi, anakoperanso foda yonse ya pulogalamu yawo ya sitoko kuchokera mu Program Files. Titaibwezeretsa pulogalamu inatseguka bwino, koma mkati munali katundu wachitsanzo yemwe amabwera ndi pulogalamuyo, ngongole zonse za makasitomala awo mulibe. "Ndiye ndiwauza chiyani anthu amenewa achimwene, akana onse kuti sanatenge kanthu," anatero amayiwo atagwira kukamwa.

Chomwe chinachitika ndi ichi. Mapulogalamu akale ankakonda kusunga data mufoda yawo yomweyo mu Program Files. Kuyambira pa Windows Vista malo amenewo anatsekedwa, ndiye pulogalamu yakale ya 32-bit ikayesa kulembamo Windows siyiikaniza, imangoipatutsa mwakachetechete n'kukasunga zinthuzo kwina, ku foda yotchedwa VirtualStore. Pulogalamu imaganiza kuti ikulemba mu Program Files pomwe zenizeni zili uko. Kuti muione, tsegulani File Explorer, pamwamba polemba adiresi paja lembani %LOCALAPPDATA%\VirtualStore n'kudina Enter. Mukapezamo foda ya dzina la pulogalamu yanu, imeneyo ndiye chuma chanu, koperani. Onaninso mu C:\ProgramData ndi mu %APPDATA%, mafoda obisika onsewa, sawoneka pokhapokha mutayatsa Hidden items.

Ine malangizo anga pa nkhani imeneyi ndi amodzi ndipo sindisintha: musafomate hadi disiki yakaleyo. Gulani SSD, disiki ya mtundu watsopano yothamanga ija, olo yaing'ono, ikani Windows yatsopano pamenepo, yakaleyo ichotseni muisunge mu kabati. Kompyuta ithamanganso kwambiri, ndipo tsiku lomwe mudzazindikire kuti munaiwala kanthu mudzangoilumikiza ndi kachingwe ka USB n'kukatenga. Ngati ndalama ya SSD palibe, pali kapulogalamu kaulere ka Microsoft komweko kotchedwa Disk2vhd kamene kamajambula disiki yonse n'kuisandutsa fayilo imodzi, muisunge pa external. Lembaninso papepala ma licence key onse, ndipo funani ma CD kapena ma setup a mapulogalamu anu mudziwe kuti alipodi. Komanso laputopu ya batire yakufa musaiyambe ntchito imeneyi madzulo a dzinja mitambo itakuta phiri, magetsi akathima pakatikati muyambiranso.

Chomwe chimawoloka ndi chomwe sichiwoloka

Mapulogalamu ambiri a 32-bit amayenda bwinobwino pa Windows ya 64-bit, izi anthu ambiri sadziwa. Muli chigawo chotchedwa WOW64 chomwe ntchito yake ndi kuwalandira, n'chifukwa chake pa C mumaona ma Program Files awiri, inayo ili ndi x86 kumapeto, imeneyo ndi ya a 32-bit. Pulogalamu ili ngati mlendo, mumamuyalira mphasa pabalaza n'kugona bwinobwino olo akhale wa mtundu wina, koma driver, kapulogalamu koyendetsa chipangizo monga pulinta, imalowa mpaka kuchipinda kwa eni nyumba ndiye iyenera kukhala ya m'banjamo. Driver ya 32-bit pa Windows ya 64-bit siyingatheke, palibe compatibility mode kapena njomba iliyonse yomwe ingaithandize. Chinanso chomwe chinatsekeredwa kunja ndi mapulogalamu a 16-bit, aja a nthawi ya DOS ndi Windows 3.1, chifukwa chigawo chomwe chinkawayendetsa, NTVDM, chimapezeka mu Windows ya 32-bit yokha.

Ndiye uthenga womwe watuluka pa sikirini uja musamangodina OK msangamsanga. Ujambuleni ndi foni. Theka la yankho limakhala momwemo.

"This app can't run on your PC"

Kabokosi ka buluu aka kamatuluka pa zifukwa zingapo ndipo sikanena kuti ndi chiti. Choyamba kuganizira, makamaka ndi netiweki yathu yomangodukadukayi, n'choti fayilo siinathe kudawunilodika, yerekezani kukula kwake ndi komwe kwalembedwa komwe mwaitenga. Chachiwiri mwina mwatenga ya 64-bit pomwe Windows yanu ndi ya 32, kapena mwatenga yolembedwa ARM64 pomwe makina anu ndi a Intel. Zonsezi zikakhala bwino koma pulogalamu ndi yakalekale, ya sikirini yakuda kapena ya buluu yoyendera ma arrow, zija zinalembedwa ndi Clipper kapena FoxPro ya DOS, ndiye ndi 16-bit.

Pali kamsampha kena apa. Mapulogalamu ena a m'zaka za m'ma 1990 ndi a 32-bit ndithu koma setup yawo yokha ndi ya 16-bit, ndiye chomwe chikukana ndi choikira osati pulogalamu yeniyeniyo. Yesani kukopera foda yonse ya pulogalamu kuchokera pa kompyuta yakale n'kuitsegula mwachindunji, ang'onoang'ono ambiri amayenda choncho. Ikakana, funani kapulogalamu kaulere kotchedwa winevdm, ena amati otvdm, kamayendetsa mapulogalamu a Windows a 16-bit pa 64-bit. Za DOS zenizeni pali DOSBox-X komanso vDos, ndipo vDos ndi yomwe inapangidwira mapulogalamu a muofesi osati magemu, nkhani yosindikiza imayenda bwinoko kumeneko.

DLL yasowa

Ili ndiye vuto lofala kuposa onse ndiponso losavuta, koma ndi pomwe anthu amadziononga okha. Pulogalamu ikuti MSVCR100.dll was not found, kutanthauza kuti kafayilo kothandizira komwe imadalira, kotchedwa DLL, kasowa, munthu amapita pa Google, kupeza tsamba lopereka ma DLL, kudawuniloda kafayilo kamodzi n'kukaponya mu System32. Chonde lekani zimenezo, ena mwa mafayilo amenewo amabwera ndi mavairasi ndipo olo akhale abwino simudziwa ngati mwatenga ya 32 kapena ya 64. Mafayilo amenewa ndi a Visual C++ Redistributable, a Microsoft amapereka mwaulere, ndipo nambala ija ikukuuzani chaka chake. MSVCR100 ndi ya 2010, MSVCR110 ndi ya 2012, MSVCR120 ndi ya 2013, pomwe VCRUNTIME140 ndi MSVCP140 zili mu phukusi limodzi la 2015 mpaka 2022.

Pomwe ambiri amaphonya ndi apa: ngati pulogalamu yanu ndi ya 32-bit mukufunika phukusi lolembedwa x86, olo Windows yanu ikhale ya 64. Munthu amati Windows yanga ndi ya 64 ndiye nditenge x64, waika, uthenga ukutulukabe. Ingoikani onse awiri, sakangana. Ndipo kusakaniza kumeneku ndi komwe kumabala uthenga wina uja wa 0xc000007b, nthawi zambiri umatanthauza kuti pulogalamu ya 32 yapatsidwa DLL ya 64 kapena motembenuza. Zimasokoneza chifukwa pa Windows ya 64-bit foda ya System32 imasunga mafayilo a 64-bit pomwe a 32-bit ali mu SysWOW64, zoona, sindinalembe molakwitsa. Ngati munaponyamo DLL pamanja kachotseni kaye kenako muike phukusi lenileni.

Ana a magemu akale akaona d3dx9_43.dll akufunika DirectX End-User Runtime ya Juni 2010, ndipo ena amafuna DirectPlay yomwe imayatsidwa mu Windows Features pansi pa Legacy Components.

Kwinanso pulogalamu imapempha .NET Framework 3.5. Imeneyi siibwera yoyatsa, Windows imafuna kukaitenga pa intaneti ndipo kawirikawiri imangozungulira n'kulephera. Ngati muli ndi fulashi yomwe munaikira Windows ija palibe chifukwa chothera bandulo, ilowetseni, tsegulani Command Prompt ngati administrator mulembe izi, koma chilembo E musinthe muike cha fulashi yanu:

DISM /Online /Enable-Feature /FeatureName:NetFx3 /All /Source:E:\sources\sxs /LimitAccess

Fulashiyo ikhale ya Windows yomweyo yomwe ili mu kompyutamo, ya 10 singathandize 11.

Compatibility mode

Dinani kumanja pa pulogalamu, Properties, Compatibility, sankhani Windows 7 kapena XP, chongani Run this program as an administrator. Chomwe imachita kwenikweni ndi kunamiza pulogalamu kuti ili pa Windows yakale ndi kukonzako tizinthu tina, ndiye imathandiza pa zija zimangokana chifukwa sizikuizindikira Windows yatsopano. Muichitenso pa setup.exe musanaike. Zilembo zikamaoneka ting'onoting'ono kapena mabatani akubisala, pomwepo pali Change high DPI settings. Ndipo mapulogalamu akale ine ndimawaika mufoda yawoyawo ngati C:\Akale osati mu Program Files, nkhani ya VirtualStore ija imatheratu. Kupitirira pamenepo musaidalire.

Access ndi Excel

Muno mu Zomba timadzitama ndi masukulu ndi kafukufuku, Chanco ili pomwepa, likulu la NSO, ofesi ya kalembera ija, lili pomwepa, MANEB pomwepa, ndiye mwana aliyense amene anaphunzirako kompyuta anapangirapo sukulu ina, kwaya ina kapena kagulu kena ka banki m'khonde ka database ka mu Access kapena Excel ya ma macro, timalamulo tolembedwa mkati mwa fayilo kuti tizigwira ntchito tokha. Tizinthu timeneti tikugwirabe ntchito mpaka lero pomwe wopangayo anapita kalekale ku Lilongwe ndipo nambala yake siikupezeka. Tikasamuka timafa, ndipo chotipha si Windows ayi, ndi Office. Kale Office inkabwera ya 32-bit olo pa Windows ya 64, koma kuyambira nthawi ya Office 2019 yomwe imaikidwa mukangodina Install ndi ya 64-bit.

Mukaona uthenga woti database inapangidwa ndi 32-bit version of Microsoft Access, imeneyo ndi fayilo ya accde ndipo siingatseguke pa Access ya 64, pokhapokha mutapeza accdb yake yoyambirira n'kuipanganso. Mu Excel uthenga wake umatchula PtrSafe, kutanthauza kuti mizere yoyamba ndi Declare mu ma macro ikufunika kukonzedwa, wodziwa VBA atha kuikonza. Koma njira yachidule pa zonse ziwiri ndi kuchotsa Office ya 64 n'kuika ya 32-bit, imayenda bwinobwino pa Windows 11 ndipo munthu wolemba makalata ndi ma report card sangaone kusiyana. Kungoti simungakhale ndi zonse ziwiri pa kompyuta imodzi, yoyambayo ichotsedwe kaye yonse. Kuti mudziwe yomwe muli nayo tsegulani Word, File, Account, About Word.

Pulogalamu ikadandaula kuti Microsoft.Jet.OLEDB.4.0 provider is not registered, dziwani kuti Jet ilipo ya 32-bit yokha, pulogalamuyo ikuyenda ngati ya 64 ndiye siikuiona, funani version yake ya 32-bit. Ndipo amene mumapanga ma ODBC, ziwindo zake zilipo ziwiri, ya mapulogalamu a 32-bit ili pa C:\Windows\SysWOW64\odbcad32.exe, mukapanga mu inayo pulogalamu izingoti data source siikupezeka inu mukuiona ndi maso.

Pulinta ndi sikana

Apa ndi pomwe pagona ndalama za anzathu a fotokope ku Chikanda ndi kuzungulira msika, ndiye tikhalepo pang'ono. CD yomwe inabwera ndi pulinta mu 2008 ija iiwaleni. Pitani pa tsamba la kampani yomwe inapanga pulintayo mufune driver ya 64-bit. Ngati Windows 11 siikutchulidwa musakhumudwe msanga, sankhani Windows 10 64-bit, ikasowa Windows 8.1 kapena 7 koma ikhale 64-bit, zambiri zimagwira ndithu. Setup yake ikakana, tsegulani fayiloyo ndi pulogalamu yomasula mafayilo opanikizidwa ya 7-Zip muone ngati muli fayilo yothera ndi inf, kenako pitani ku Add printer, sankhani zoika pamanja, Have Disk, muilozere fayilo imeneyo. Pa windo lomwelo pali batani la Windows Update, mukadina limatenga nthawi ndithu mpaka mumaganiza kuti yazizira, koma mndandanda ukabwera mumapezamo mapulinta akale ambiri omwe poyamba munalibe.

Chipangizo chikakhala chosadziwika dzina, tsegulani Device Manager, dinani kawiri pomwe pali kachizindikiro kachikasu, Details, sankhani Hardware Ids. Mutuluka mzere wokhala ndi VID ndi PID ngati ndi cha USB, kapena VEN ndi DEV ngati ndi cha mkati. Mzere umenewo ukopereni mukafufuze pa Microsoft Update Catalog. Timapulogalamu tija timati tikupezerani ma driver onse kamodzi ine sinditikonda, timabwera ndi zinyalala zambiri.

Mapulinta akuluakulu a muofesi omwe amamva chiyankhulo cha mapulinta chotchedwa PCL savuta, driver ya PCL yamba kapena universal driver ya kampani yakeyo imawayendetsa. Ovuta ndi ang'onoang'ono otchipa aja amene alibe nzeru zawozawo, ntchito yonse imachitikira mu driver pa kompyuta. Amenewo ngati kampani sinatulutse driver ya 64-bit ndiye basi, musavutike kufufuza usiku wonse, pitani ku nkhani ya virtual machine, yoika Windows yakale mkati mwa yatsopano, yomwe ili m'munsimu. Sikana yakale yesani VueScan, ndi yogula koma imadziwa masikana ambiri omwe eni ake anawasiya, ndipo mutha kuiyesa kaye musanalipire.

Nthawi zina driver ilipo ya 64 koma Windows 11 ikuti A driver cannot load on this device. Chomwe chikuikaniza ndi Memory integrity, ili mu Windows Security, Device security, Core isolation. Mukaizimitsa driver imalowa, koma mwachepetsa chitetezo, ndiye funani kaye driver yatsopano, kuzimitsako kukhale komaliza.

Makina a fotokope akuluakulu amene ankatumiza sikani ku foda ya pa kompyuta n'kusiya mwadzidzidzi, kawirikawiri ndi nkhani ya SMB1, njira yakale yogawirana mafayilo pa netiweki. Makina akale amangodziwa imeneyo pomwe a Microsoft anasiya kuiika yoyatsa kuyambira mu 2017, chaka chomwe vairasi ya WannaCry inadzera momwemo n'kusokoneza makompyuta dziko lonse lapansi. Mutha kuiyatsa mu Windows Features koma ine sindingakulangizeni pa kompyuta yomwe ophunzira amalowetsapo mafulashi awo tsiku lonse. Onani ngati makinawo ali ndi firmware yatsopano, apo ayi sikanirani pa fulashi kapena FTP. Chimodzimodzi masamba akale ofuna Internet Explorer, monga a makamera a CCTV, iyo inapumitsidwa pa 15 Juni 2022 koma mu Edge muli Internet Explorer mode, iyatseni mu Settings pa Default browser.

Zonse zikakanika, Windows yakale mkati mwa yatsopano

VirtualBox ndi yaulere. Mumaiika pa Windows 11 yanuyo, mkati mwake n'kuikamo Windows 7 ya 32-bit kapena XP, imatseguka ngati windo wamba, ndipo pulogalamu yanu yakale pamodzi ndi driver ya pulinta ija zimakhala mmenemo osadziwa kuti kunja kwasintha. Pamafunika kuti virtualization ikhale yoyatsa mu BIOS, ma settings a kompyuta aja omwe mumalowamo Windows isanayake, pa Intel amalemba VT-x pa AMD amalemba SVM, mutha kuona mu Task Manager pa Performance ngati ili Enabled. RAM ikhale 8GB kuti musamatukwane. Pulinta mumailowetsa kudzera ku Settings za makina amkatiwo mu VirtualBox, USB, n'kuionjezera pa mndandanda kuti ikangolumikizidwa izipita mkati, ndipo ngati mkatimo ndi XP sankhani USB 2.0 chifukwa 3.0 siyiidziwa. Ikaninso Guest Additions kuti mukhale ndi foda yogawana, zolemba muzipanga kunja n'kungolowa mkati kukasindikiza.

Netiweki ya makina amkatiwo izimitseni. XP inasiyidwa pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, mabowo ake satsekedwanso. Komanso Windows yamkatiyo imafuna licence yakeyake, ndipo pulogalamu yomwe inamangiriridwa ku makina akale kapena yoyendera ka dongle, kachipangizo ka USB kokhala ngati kiyi ya pulogalamuyo, itha kupempha activation kachiwiri, ndiye yesani zonsezi kompyuta yakale ikadali yamoyo.

Kunena zoona kwa anthu ambiri a bizinesi yaing'ono virtual machine ndi chintchito. Ngati desktop yakale ikuyakabe, ingoisiyani pakona igwire ntchito yake imodziyo, kusindikiza kapena sitoko, muzule chingwe cha intaneti, musalole fulashi ya aliyense kulowamo, data muzikopera Lachisanu lililonse. Zina zonse muzichitira pa yatsopano. Palibe chamanyazi pamenepo.

Nanga Windows 11 ikamakana makina anu

Imafuna TPM 2.0, chomwe ndi chigawo cha chitetezo mu kompyuta, BIOS ya mtundu watsopano yotchedwa UEFI yotha Secure Boot, RAM yosachepera 4GB, malo 64GB, ndi purosesa ya Intel kuyambira 8th generation kapena AMD Ryzen 2000 kupita mtsogolo. Malaputopu ambiri a kaunjika omwe tikugula ndi a 4th mpaka 7th generation, ndiye akugwa pa purosesa. Koma ena akukanidwa chabe chifukwa TPM ndi yozimitsa, lembani tpm.msc muone, ndipo mu BIOS funani PTT ngati ndi Intel kapena fTPM ngati ndi AMD. Ngati disiki ili pa MBR, kakonzedwe kakale ka disiki, pali chida cha mbr2gpt mu Windows 10 ya 64-bit chomwe chimaisintha kukhala GPT, kakonzedwe koyendera UEFI, osafufuta kanthu, yambani ndi mbr2gpt /validate /allowFullOS, ndipo mukasintha mukasinthenso BIOS kuchoka pa Legacy kupita pa UEFI apo ayi siyaka.

Pulogalamu yotchedwa Rufus itha kupanga fulashi yoikira Windows 11 yodumpha zofunika zonsezi ndipo anyamata ambiri m'tauni muno ndi zomwe akuchita. Pa i5 ya 6th kapena 7th generation yokhala ndi SSD imayenda bwino ndithu, kungoti a Microsoft salonjeza ma update pa makina otere ndipo version yatsopano ikatuluka mungafunike kuikanso pamanja, ndiye wokuikirani akuuzeni zimenezi poyera osati kungokulandirani ndalama. Ma Core 2 Duo ndiye musayese n'komwe, kuyambira pa version 24H2 Windows 11 imafuna purosesa yokhala ndi SSE4.2 ndi POPCNT, opanda zimenezo sayaka olo mudumphe bwanji. Amenewo akhale pa Windows 10, pali ndondomeko ya ESU yomwe inaonjezera ma update a chitetezo kwa anthu wamba mpaka 13 Okutobala 2026, kapena muwaikire Linux Mint ngati ntchito yake ndi intaneti ndi kulemba basi.

Amene achibale akutumizirani laputopu kuchokera ku Joni kapena ku UK, funsani kaye purosesa yake. Kuyambira 2024 kwachuluka malaputopu a Windows okhala ndi Snapdragon, amenewo ndi ARM, batire imakhalitsa zedi ndipo mapulogalamu wamba a Intel amawayendetsa powamasulira, koma driver iyenera kukhala ya ARM64, ndiye pulinta yakale ndi ka dongle kaja mavuto ake ndi omwe aja koma okulirapo. Ku Mac nako, macOS Catalina ya 2019 inatsekeratu mapulogalamu onse a 32-bit, ndipo kuyambira pa M1 ya 2020 mapulogalamu a Intel amayendera Rosetta 2 koma Boot Camp yoikira Windows kulibenso. Wophunzira amene kosi yake imafuna pulogalamu ya Windows yokha monga CSPro yolowetsera data afunse aphunzitsi ake zomwe zikufunika asanawauze amalume kuti agule iti, chifukwa kubweza laputopu ku Johannesburg si masewera.